Mafunso a Douwe

Lachiwiri, 9 Sepitembala 2003

Mvula chiyambire m'mawa. Ndafika ku labu nsapato zitanyoweratu.

Apenta chitseko cha Marloes. Osati cha ku ntchito kuno, cha kunyumba kwake. Penti wofiira, zilembo zikuluzikulu: WAKUPHA. Oyamba kuona anali ana ake, potuluka kupita kusukulu. Wabwerabe ku ntchito, zala zitatupa ndi kukwecha. Akuti, "Bola akanalemba mowongoka, Renske. Kamwana kanga kakang'ono kaja kamawaposa." Tinaseka. Kenako analowa m'chimbudzi, anakhalitsamo.

Ine ndi Marloes, tebulo limodzi zaka zonsezi. Ntchito yomweyomweyo. Kudula timphete ta mtsempha wa khoswe, kutipachika m'kakapu ka madzi ofunda amchere, kudonthezamo hisitamini, n'kuona cholembera chikutsika papepala pamene mtsempha ukumasuka. Openta aja amati timazunza nyama. Khoswe amayamba wagona, ndipo sadzukanso. Ndimamusisita pamutu asanagone. Zimenezi sindiuza munthu.

Masana msonkhano. A Terpstra, mkulu wa alonda athu, amene kale anali wapolisi: "Nyumba zanu sakuzipeza okha anthu amenewa. Alipo akuwauza. Munthu aliyense amene wayamba kukukondani posachedwapa, wofunsafunsa za kuno, mundiuze." Marloes anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. "Wamva iwe? Douwe wako wa ndevu uja."

Nthabwala chabe.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Kwaya. Douwe analipo kale, atandisungira mpando pafupi ndi chotenthetsera. Akadali kuimba besi ngati galimoto yokana kulira. Mphunzitsi wa sekondale, wa za mayiko ndi mamapu. Analowa kwaya mu Juni. Kuyambira Julayi timabwerera limodzi, tikukankha njinga. Ine wa zaka pafupifupi makumi asanu, kumachita manyazi ngati kamtsikana. Chisiyanirane ndi mwamuna wanga Gerrit, palibe mwamuna amene anandifunsapo kuti tsiku layenda bwanji n'kudikiradi yankho.

Lero wafunsanso za ntchito. Ndinamuuza monga ndimauzira ophunzira. Hisitamini thupi limatulutsa lokha likaona ngati laukiridwa. Pa mtsempha pali timakomo tiwiri pamene iye amagogoda, H1 ndi H2. Koyamba kamatseguka msanga n'kubwereranso msanga. Kachiwiri kamachedwa, koma kakatseguka sikafuna kutsekeka. Mitsempha ikamasuka yambiri nthawi imodzi, mphamvu ya magazi imagwa.

"Nanga ukatseka kamodzi kokha?"

Ndinati imagwabe, koma mochedwerako.

Sanalankhulenso mpaka pa mlatho. Kale ndikanati akulingalira. Lero ndinadzipeza ndikumuyang'ana cham'mbali. A Terpstra andiikira kanyerere m'khutu.

Loweruka, 13 Sepitembala

Kwa Douwe koyamba. Kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, basi imathera pomwepo.

Waphika mbatatesi yosinja ndi masamba. Soseji palibe. Akuti sadya nyama. M'mbuyo monsemu tikakhala pa khofi ndi keke sindinazindikire. Ndinafunsa chifukwa. "Ndinangozolowera." Basi.

M'nyumba mulibe chithunzi ngakhale chimodzi. Misomali ilipo, ndi malo oyererako pakhoma pamene panali zithunzi. Kuseri kuli munda, udzu wofika m'mawondo, maapulo akungowolera pansi. Dzuwa linatuluka, ndinati tikhale panja. Anati chitseko chakumbuyo chinawonongeka. Kiyi ali pomwepo pachitseko, ndamuona ndi maso angawa.

Tikudya: "Kodi nyama ija imadziwa kuti ikufa? Magazi akamagwa choncho, imamva ululu kapena imangoona mdima?"

Foloko inaima m'malere. Funso lomwelo linali pa chikwangwani cha anthu odana ndi ntchito yathu aja pa geti chaka chatha.

Ndinati makoswe anga sadziwa kanthu, amakhala ali m'tulo. Anati sakunena za anga okha.

Pondiperekeza pa basi anandipsompsona pamphumi. Fungo la sopo ndi anyezi. Ndinakondwa, n'kudana nako kukondwako.

Lolemba, 15 Sepitembala

Mitsempha ya mbira lero. Dontho lomwelo limene limamasula wa khoswe, wa mbira limaufinya. Ndazionapo kambirimbiri koma zimandidabwitsabe. Mapepala atuluka bwino, ochepa okha otaya.

Galimoto ya a Pulofesa, mkulu wa labu yathu, aithira mankhwala owononga penti, pakhomo pawo. Mtsikana amene amasamalira makola a nyama wasiya ntchito, amayi ake amuletsa. Mwana wa Marloes wayambanso kukodza pogona.

Ndakhala ndikuyesa kukumbukira kuti anayamba kulankhulitsa mnzake ndani, ine kapena Douwe. Ndikuganiza kuti iye. Pa tebulo la khofi, nthawi yopuma. Anati, "Ndinu a Bouma, eti?" Dzina langa analidziwa bwanji? Mwina wina anamuuza. Kwaya si chinsinsi.

Lachinayi, 18 Sepitembala

Mayi Postma, otsogolera kwaya, tikupinda mipando. Douwe anali atapita kukatsegula njinga.

"Koma inu awiri mwandisangalatsa. Bamboyu anachita kukusakani, mukudziwa? Tsiku loyamba asanaimbe n'komwe, akuti kodi mayi Bouma a ku labu aja amaimba muno? Ndinati eya, alto, mzere wachiwiri. Pompo analembetsa. Mawu ake ndi omwewo mukuwamvawo, koma ndikanamukana bwanji?"

Anaseka mpaka misozi. Ine mpando unali m'manja, sindikudziwa kuti ndinauika pati.

A ku labu aja.

Panjira ndinati mutu ukundipweteka. Anandipatsa sikafu yake. Ili pampando apa. Sindinaikhudze.

Lachisanu, 19 Sepitembala

Ndamuuza Marloes zonse, tikudya buledi ndi tchizi pawindo. Nyama sadya. Zithunzi anachotsa. Amafunsa ngati nyama imamva ululu. Anandifunafuna ndi dzina.

Marloes: "Iwe ndiwe wovuta. Mwamuna akakufunsa za ntchito yako ndi kazitape. Akapanda kufunsa ndi Gerrit. Ukufuna wotani?"

Kenako anasiya kutafuna. "Koma za dzinazo sindinazikonde."

Anati ndimufunse maso ndi maso. Kufunsa kuti chiyani? Kodi ndiwe kazitape? Kazitape angati inde? Wosalakwa akamva funso limenelo sabweranso. Konsekonse ndine wotaya.

Kalilole wa m'chimbudzi cha ku labu sanama. Imvi, matumba m'munsi mwa maso. Mwamuna wooneka bwino ngati uja angamusake munthu ngati ine chifukwa cha chiyani? Chikomekome cha nkuyu.

Lamulungu, 21 Sepitembala

Tinayenda ndi Douwe pa khoma lotchinga madzi a m'nyanja, mphepo yakumaso. Nkhosa, matope, khofi wa m'fulasiki. Anandifotokozera za midzi imene inamira kalekale, ana a sukulu akuti amagona akamaiphunzitsa. Ndinaseka zenizeni. Kwa kanthawi ndinaiwala.

Kenako: "Kodi ndingabwere kudzaona? Kamodzi kokha. Ndikufuna ndione mtsemphawo ukumasuka, ndi maso anga."

Ndi zimenezo. Akufuna kulowa.

Ndinati alendo saloledwa masiku ano. Ndiye pakamwa panga panangolankhula pokha. Ndinati komanso Lachitatu tidzatanganidwa, kukubwera galimoto ya makoswe atsopano masana, pa geti lakumbuyo, limene lilibe mlonda. Bodza lokhalokha. Kulibe galimoto. Ndauza iye yekha. Akabwera anthu aja Lachitatu, ndadziwa.

Anangoti, "Oho." Ananditsanulira khofi wotsala.

Lachitatu, 24 Sepitembala

Masana onse pawindo la m'chipinda chotsukira magalasi, loyang'ana geti lakumbuyo. Timphete tiwiri tinafa m'kapu ine ndili pawindo. Khoswe wafera chabe. Marloes anangotaya madzi mwaphokoso.

Palibe amene anabwera. Munthu wotola zinyalala, mphaka, basi.

Mtima unatsika mpaka ndinafuna kumuimbira foni. Pokwera njinga ganizo lina: wochenjera sameza nyambo yoyamba. Kusabwera kwawo sikukutsimikiza kanthu. Akanabwera ndiye ndikanadziwa. Kuyesa kotereku wophunzira atandibweretsera ndikanamubweza.

Chimfine chayamba. Pakhosi ngati mchenga.

Loweruka, 27 Sepitembala

Pabedi chidzulo. Douwe wabwera ndi supu ya nsawawa m'poto atakulunga m'thawulo, ulendo wonse wa pa basi. Watsuka mbale, wakonza mpopi wodontha uja. Anakhala m'mphepete mwa bedi akuwerenga nyuzi mokweza, akusintha mawu ngati nduna.

Atapita kukhitchini ndinatchera khutu kuti ndimve ngati akutsegula madirowa. Chikwama changa cha ku ntchito, chokhala ndi khadi lotsegulira zitseko za ku labu, ndinachibisa kunsi kwa pilo asanafike. Ndadya supu ya munthu nditagonera chikwama.

Za makoswe sanafunse lero. Nazonso zandidetsa nkhawa.

Lachiwiri, 30 Sepitembala

Chitseko changa.

Zilembo zomwezija, penti yemweuja. Matayala a njinga onse awiri acheka. Mayi wa nyumba yoyandikana anaima pawindo, nditamuyang'ana anakoka katani.

M'buku la mafoni mulibe dzina langa. Pa belu pakadali dzina la Gerrit, sindinachotse. Ku labu ndi a Pulofesa ndi Marloes okha amene anafikapo kuno. Ndi Douwe. Loweruka lomweli.

Ndinamuimbira ndine, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina kuti ndione nkhope. Anabwera ataweruka, atanyamula botolo la mankhwala ndi burashi. Penti anachoka mosavuta. Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji mankhwala oyenera. "Ndinafunsa m'sitolo, Renske." Anagwada pakhomo mpaka dzuwa kupendeka, manja atafiira, akutukwana anthu opanda manyazi. Anati ndikagone kwake masiku angapo.

Ndinati ayi, zikomo.

Anandiyang'ana. "Chavuta n'chiyani? Masiku ano ukundiyankha ngati ndabwera kudzagulitsa inshuwalansi."

Ndinati ndatopa.

Lachitatu, 1 Okutobala

Ndapereka dzina la Douwe kwa a Terpstra. Dzina, mudzi, sukulu imene amaphunzitsa. Za kwaya, za nyama, za kupempha kulowa. Polankhula zinkamveka zolongosoka kuposa mmene zimamvekera m'mutu.

"Mwachita bwino, mayi Bouma. Amasankha dala azimayi okhala okha. Musadziimbe mlandu." Anati anzawo akale a kupolisi angofufuza mwakachetechete, mwiniwake sadziwa n'komwe.

Azimayi okhala okha.

Marloes: "Unamufunsa kaye?" Ndinati ayi. Anabwerera pa maikulosikopu yake.

Lachinayi, 9 Okutobala

Sabata yatha ndinajomba kwaya. Lero ndapita, Douwe kulibe. Foni yake imangoitana. Mayi Postma akuti sanatumize uthenga.

Ndinakumana ndi a Terpstra pa makwerero. Akuti apolisi anapita kusukulu kwake Lolemba. Kusukulu! Nthawi ya maphunziro, atavala yunifolomu. Ndinati munanena kuti mwakachetechete. "Anyamata a masiku ano, mayi. Sindingawalamulire."

Apeza chiyani? Akuti akadali kuona.

Buledi watha, sindinagule. Ndadya mabisiketi.

Loweruka, 11 Okutobala

Douwe wabwera. Masana, ndikutsuka mbale. Anakana kulowa. Anaima pa chitseko chomwe chija anakwecha, chipewa m'manja.

"Ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa apolisi." Mumve. Wabwerera pa inu, ngati tikuonana koyamba.

Anali ndi mkazi. Hiske. Ine ndinkangoganiza kuti anasiyana, monga ine ndi Gerrit, ndipo sindinafunsepo. Anamwalira. Zaka ziwiri zapitazo, mu Sepitembala, akutola maapulo ogwa kuseri kwa nyumba ija. M'kati mwa limodzi munali mavu. Anamuluma padzanja. Hiske anatukwana, anaseka, n'kupitiriza kutola. Kenako anati milomo ikuyabwa. Kenako, "Douwe, mundawu ukuzungulira." Iye anathamangira m'chipinda cha pamwamba kukafuna timapiritsi ta chimfine cha maluwa, kabati iyi, kabati iyo, mpaka anatipeza. Anamumwetsa kamodzi, anamukhazika pampando wa m'munda, n'kudikira kuti kagwire ntchito. Anadikira. Ambulansi anaiitana Hiske atasiya kuyankha.

Pampando. Akanamugoneka pansi, miyendo m'mwamba. Zinabwera m'mutu mwanga zokha, ndinaluma lilime.

Kuchipatala anamuuza mawu awiri. Hisitamini, ndi kuti palibe chimene akanachita. Loyamba sanalimvetse, lachiwiri sanalikhulupirire. Chaka chino anaona nkhope yanga mu nyuzi ya kuno, nkhani ija yokhudza labu yathu, imene inanenanso kuti ndimaimba kwaya.

"Inde, ndinakusakani dala. Pamenepo simunalakwe. Ndinabwera ndi funso limodzi, ndiye tsiku lililonse ndinkalizungulira ngati galu pa hejihogi, kanyama ka minga kaja, osaligwira. Zinazo sindinazikonze. Zinangochitika."

Nyama? Hiske sankadya, ndipo iye amangodziwa kuphika zimene Hiske ankaphika.

Ahedi amuuza kuti akhale kaye kunyumba mpaka zione kolowera. Makolo ena aimba mafoni. Ana amujambula pabolodi atanyamula bomba.

"Mukanandifunsa, ndikanalira, koma ndikanakuuzani."

Anavala chipewa, anapita. Sindinamutsatire. Madzi a mbale anali atazizira.

Chimene sindingauze munthu: iye akulankhula, kamawu kena m'kati mwanga kankati, nkhani yokonzedwa bwino bwanji.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndakwera basi mpaka kumudzi kwawo. Sindinapite kunyumba kwake. Ndinapita kumanda a kuseri kwa tchalitchi.

Ndinayenda mzere ndi mzere ngati wowerenga mamita a madzi. Uli cha kumpanda. Mwala wotuwa, waung'ono. Hiske, dzina la bambo ake, dzina la Douwe. Sepitembala 2001. Anali wamng'ono kwa ine. Maluwa atsopano m'botolo la jamu.

Gogo wina amene ankathirira manda apafupi anandifunsa ngati ndinali mnzake wa Hiske. "Anali mtsikana waphokoso, kuseka kwake kumamveka ku sitolo. Mavu, tangoganizani. Mwamuna wake wangotsala mthunzi, koma chilimwe chino anayamba kusamaliranso ndevu bwino. Tinati kaya wapeza wina."

Ndinati ndinkangodutsa.

Ndinapita kukafufuza ngati mkazi wa munthu anafadi. Ndalemba kuti ndizione zili papepala.

Lachitatu, 15 Okutobala

Apolisi agwira openta atatu, a mumzinda wina. Palibe amene ankawauza kanthu. Ankangodikira pafupi ndi geti n'kumatitsatira pa njinga tikaweruka, mmodzimmodzi. Ine amene ndinkasuzumira m'maso mwa Douwe sindinacheukepo m'mbuyo ngakhale kamodzi.

Ndinapita kwa a Terpstra. Ndinati aimbire ahedi a sukulu ija lero lomwe. Anati apolisi sapepesa, mayi. Ndinati sindikunena apolisi, ndikunena inu, ndipo sindituluka. Anaimba ine ndili pomwepo. Kenako ndinati ndikufuna chilolezo cha mlendo mmodzi, Loweruka. Anasaina.

Ndasiya uthenga pa foni ya Douwe. Kupepesa kwanga kunatuluka kopindikapindika, makina anandidula ndisanamalize. Ndinaimbanso, n'kungoti Loweruka m'mawa, geti lakutsogolo, ngati akufunabe kuona.

Marloes: "Akabwera, si chifukwa cha iwe. Udziwiretu."

Loweruka, 18 Okutobala

Anabwera. Jekete la kutchalitchi, khadi la mlendo pachifuwa. Moni wa dzanja.

Khoswe ndinali nditathana naye iye asanafike. Anangoona kamphete kali lende m'kapu, thovu likukwera, cholembera chikujambula mzere wowongoka. Anawerama pafupi mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi. "Kameneka ndiye mtsempha? Ngati kachingwe ka nsapato ya chidole."

Ndinadontheza hisitamini. Cholembera chinatsetsereka pansi.

"Basi? Kadontho kameneko?"

Ndinatsuka, ndinadikira kuti kabwerere. Ndinaika mankhwala otseka kakhomo koyamba, amtundu womwe uli m'timapiritsi tija, n'kudonthezanso. Chinatsikabe, pang'onopang'ono. Ndinati waona, piritsi silikanakwanira, ngakhale awiri, ngakhale paketi yonse, ndiponso la m'mimba limachedwa kufika. Anagwedeza mutu. Mapewa anatsikako.

Pakanathera pamenepo.

Koma dzanja lili ndi chizolowezi chake. Pomaliza timathira adirenalini, kuona ngati kamphete kakadali ndi moyo. Tsiku lililonse, osaganiza. Ndinathira. Cholembera chinalumpha m'mwamba nthawi yomweyo, mpaka chinagunda m'mphepete mwa pepala.

"Chimenecho n'chiyani?"

Ndinamuuza dzina.

"Amene amanyamula a ambulansi?"

Ndinati eya.

Anakhala pa situlu ya Marloes. Ndiye analifunsa, funso lake lija. "Ndikanaimba foni pomwe ananena za milomo, m'malo mokwera pamwamba. Akanakhala moyo?"

Ndinati ayi. Msangamsanga, osapuma. Ndinati zimathamanga kwambiri, mudzi wanu uli kutali, palibe chimene ukanachita.

"Cholembera chija chinakwera, Renske."

Ndinati mtsempha wa m'kapu si munthu. Zimenezo n'zoona.

"Mukundiyankha ngati wodziwa ntchito yake, kapena ngati munthu wofuna kukhululukidwa?"

Pa geti anabweza khadi kwa mlonda, n'kundiyang'ana ndi maso amene ndikuwadziwa. Ndawavala ineyo mwezi wathunthu.

Lamulungu, 19 Okutobala

Sindinatuluke. Ndachapa makatani osada.

Ndikamuuza zoona ndimupachika mwala m'khosi moyo wake wonse. Ndikapanda kumuuza ndine mmodzi wa aja a kuchipatala. Ndipo bodza lija ndinanamira ndani, iye kapena ine?

Ndaimbira Marloes. Ana akukuwa kumbuyo. "Munthuyo waphunzira kuimba besi chifukwa cha funso limenelo. Ndi mwana?"

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndinaweruka msanga, basi ya masana. Douwe anatsegula atavala malaya a ku ntchito. Wabwerera kusukulu dzulo, akuti ana ali ziii, akuchita naye mantha pang'ono, ndipo koyamba akumvetsera.

Sindinakhale pansi. Ndinati Loweruka ndinanama. Yankho ndi mwina. Mwina akanafika nthawi ilipo, mwina ayi. Alipo amene amapulumuka jakisoni akafika msanga, alipo amene amafa ngakhale wafika. Kuchedwa kuja kunachepetsa mwayi wake. Kuti kunachepetsa motani, palibe munthu padziko amene angamuuze. Za mpando sindinanene. Chimenecho ndisenza ndekha.

Anagwira m'mphepete mwa sinki. Analira ngati mmene amaimbira, mokweza, mosasamala. Ndinaima pomwepo manja ali m'matumba, osadziwa ngati ndili ndi ufulu womukhudza.

Atatha anasamba kumaso pa mpopi. "Zaka ziwiri aliyense akundiuza kuti palibe chimene ndikanachita. Dokotala, abusa, apongozi. Onse ndinkawaona m'maso kuti akundinyengerera. 'Mwina' wanuyu ndingathe kukhala naye. 'Palibe' uja ndiye ankandisowetsa tulo."

Anaphika khofi. Tinamwa titaima. Sanatchule za apolisi, ine ndinayamba kutchula, anakweza dzanja. Pa basi sanandiperekeze, akuti ali ndi mapepala a ana oti achonge. Mwina alidi nawo. Patebulo sindinawaone, koma m'chikwama sindinayang'anemo, ndipo sindi—

Iyayi. Leka, Renske.

Lachinayi, 23 Okutobala

Matayala atsopano pa njinga. Timphete tonse tayenda bwino lero. Marloes wabweretsa keke, mwana wake wagona mouma.

Kwaya madzulo ano. Ndasintha bulauzi kawiri.

Anabwera ndi funso limodzi, ananena yekha. Layankhidwa. Kuimba sadziwa, basi ya kwawo ndi yakutali, ndipo alto wa mzere wachiwiri ndi amene anamutumizira apolisi m'kalasi. Munthu wanzeru zake angabwererenso chiyani? Akabwera, ndiye kuti zinazo zinali zoona. Kapena ndi ulemu chabe, kudzatsazika kwa mayi Postma. Akakhala pafupi ndi chotenthetsera ndiye kuti, koma kukuzizira, aliyense angakhale pamenepo. Akandipatsa moni n'kunena kuti— Nthawi yakwana, ndikupita.